Deki ya mnzanu ikakunyansani: zoyenera kuchita musanakuwe kuti ailetse

Pali gemu ina imene ndinaluza ndisanamenye mnzanga ngakhale kamodzi, ndipo mpaka lero ndimaikumbukira khadi ndi khadi. Unali mpikisano wa masewera a makhadi otchedwa Magic: The Gathering, wa mtundu wa Modern (mtundu uliwonse wa mpikisano uli ndi makhadi ake ololedwa). Ine ndinali ndi deki (mulu wa makhadi amene wosewera amadzisankhira) ya zilombo zikuluzikulu, Tarmogoyf ndi Siege Rhino, ndipo tsidya lina la tebulo kunakhala mnyamata wofatsa, wolankhula motsitsa mawu. Pa ulendo woyamba anaika Lantern of Insight, khadi lokakamiza aliyense kusewera khadi lapamwamba pa deki yake lili lovundukula. Kenako anaika Codex Shredder, amene ukamugoneka amataya khadi lapamwamba pa deki kumanda (mulu wa makhadi otayidwa), ine n'kuliphwanya pomwepo ndi Abrupt Decay. Iye sanatekeseke. Anaika Shredder wina, kenako Ensnaring Bridge, khadi loletsa chilombo chilichonse kuukira ngati mphamvu zake zikuposa kuchuluka kwa makhadi amene mwini Bridge ali nawo m'manja. Posakhalitsa m'manja mwake munalibe kalikonse.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka woonerera pa gemu yanga yomwe. Khadi labwino likaonekera pamwamba pa deki yanga, ankagoneka Shredder n'kulitaya kumanda. Likaonekera lopanda ntchito ankangoti, "Tolani achimwene." Zilombo zanga zinangoima chilili patebulo kwa mphindi pafupifupi 30, mpaka ndinagonja ndekha.

Titatha ndinamulankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka pano: "Zimenezi si Magic ayi. Deki ngati imeneyi ndi ya anthu oopa kusewera." Anakhala kaye chete akulongedza makhadi ake, kenako anati, "Decay uja mukanamusunga kudikira Bridge, bwenzi mutandimaliza kalekale. Ndinalibe chotetezera." Ankanena zoona. Yankho ndinali nalo m'manja kuyambira pachiyambi, koma ndinaliwononga pa khadi lolakwika chifukwa sindinkadziwa kuti msana wa deki yake uli pati.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kumvetsera mwachidwi anthu akamadandaula za madeki, ndipo ndinaona kuti mawu akuti "deki imeneyi ndi yoipa" amanyamula madandaulo atatu m'thumba limodzi. Wina akutanthauza kuti dekiyo ili ndi mphamvu zopitirira muyeso. Wina akutanthauza kuti kusewera nayo n'kosasangalatsa, kaya upambane kaya uluze. Wachitatu, amene ndi ambiri mwa ife masiku ambiri, akutanthauza kuti sanakonzeke. Onsewa ndi madandaulo enieni, koma mankhwala ake ndi osiyana. Mikangano yambiri imatha anthu atakwiyirana chifukwa mmodzi akulankhula za loyamba, mnzake akuyankha lachitatu. Choncho ntchito yanu yoyamba deki ikakuwawani ndi kumasula thumbalo kuti muone dandaulo limene muli nalo.

Palibe deki yopanda mlandu

Madeki ambiri amagwera m'mabanja anayi, ndipo banja lililonse lili ndi chitonzo chake. Aggro imathamanga: zilombo zing'onozing'ono, kumenya kuyambira ulendo woyamba, gemu yatha mnzako asanakhazikike. Imeneyi amainyoza kuti sifuna nzeru, ngakhale mwana angaiyendetse. Osewera Hearthstone, masewera ena a makhadi, ananena zimenezi kwa zaka zambiri za Face Hunter, ndipo osewera Pokémon akale amakumbukira Haymaker ya Hitmonchan, Electabuzz ndi Scyther, imene inkamenya mwamsanga madeki odalira Pokémon ochita kusanduka asanafike pokula. Control imakana chilichonse, imasesa tebulo, n'kudzapambana mochedwa ndi khadi limodzi kapena awiri. Eni ake amatchedwa anthu osalola mnzawo kusewera. Combo imasonkhanitsa makhadi awiri kapena atatu ogwirizana n'kumaliza gemu pa ulendo umodzi, ndipo amati mwini wake akusewera yekha, mnzake wangobwera kudzaonerera. Midrange ili pakatikati, yodzaza ndi makhadi amphamvu paokhapaokha, ndiye amati imeneyo ndi chikwama chabe, wagula makhadi odula n'kuwaunjika.

Kunja kwa mabanjawa kuli abale ena odedwa kwambiri: mill yokutherani deki, stax ndi floodgate zotseka njira kuti musachite kanthu, ndi madeki ophwanya makhadi a land, amene amapereka mana, mphamvu yolipirira makhadi ena. Koma taonani bwino mndandandawu. Deki imene inu mumaikonda ili pomwepo, ndipo pali munthu kwinakwake amene amadana nayo ndi mtima wonse. Anyani sasekana zikundu. Ine amene ndinkanyoza Lantern ndinali ndi deki imene ena ankaiona ngati mulu wa makhadi odula basi.

Gulani kabuku

Mtima sudziwa kuwerenga. Umasunga gemu imene munaluza mochititsa manyazi n'kuiwala zisanu zimene munapambana mosavuta. N'chifukwa chake ndimauza aliyense wodandaula kuti ayambe walemba. Pa gemu iliyonse lembani deki imene mwakumana nayo, amene anayamba kusewera, ngati munasintha makhadi oyamba aja kapena ayi, zotsatira, ndi chiganizo chimodzi chonena pamene gemu inatembenukira. Chiganizo chimenecho ndicho chofunika koposa. Musalembe kuti "anali ndi mwayi". Lembani kuti "ndinaika zilombo zinayi, iye n'kusesa zonse ndi Wrath of God pa ulendo wachinayi".

Mukafika magemu 20 kapena 30 olimbana ndi deki imodzimodziyo, werengani. Nthawi zambiri mudzadabwa. Deki yopambana magemu 55 pa 100 alionse imaonedwa kuti ndi yamphamvu ndithu, komatu pa magemu 20 zikutanthauza kupambana 11, kuluza 9. Kusiyana kwake ndi gemu imodzi yokha kuchoka pa kufanana. Munthu sangazindikire zimenezo ndi maso okha pa madzulo amodzi.

Kabukuka kamachizanso matenda a "nthawi zonse amakhala nalo". M'deki ya makhadi 60 yokhala ndi makhadi 4 ofanana, mwayi woti limodzi mwa iwo lipezeke m'makhadi 7 oyamba ndi pafupifupi magemu 40 pa 100 alionse. Munthu akaona makhadi 10, mwayiwo umadutsa theka. Mu Yu-Gi-Oh!, deki ya makhadi 40 yokhala ndi 3 ofanana imapereka khadilo m'makhadi 5 oyamba pafupifupi gemu imodzi pa atatu alionse, ndipo madeki ambiri amakhala ndi makhadi angapo ogwira ntchito imodzimodzi. Choncho mnzanu akatulutsa khadi limene mumadana nalo magemu awiri otsatizana, palibe chachilendo chimene chachitika. Deki yake anaimanga kuti izitero.

Zizindikiro za deki yopitiriradi muyeso

Madeki otere alipo, ndipo sindigwirizana ndi anthu amene dandaulo lililonse amaliyankha kuti "phunzira kusewera". Koma kutchuka pakokha si umboni. Deki ikhoza kuchuluka chifukwa ndi yosavuta kuipeza, kapena chifukwa katswiri wina wangopambana nayo. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira ndi ichi: yang'anani zimene madeki ena akukakamizika kuchita. Anthu akayamba kuika m'deki yeniyeni makhadi amene malo ake ndi mu sideboard (makhadi apambali osinthira pakati pa magemu), n'cholinga cholimbana ndi deki imodzi yokha, ndipo ikupambanabe, pamenepo ndiye kuti zinthu zasokonekera.

Chaka cha 2019 chinationetsa zimenezi kawiri. Mu Modern munabwera Hogaak, Arisen Necropolis, chilombo chachikulu chotuluka kumanda molawirira kwambiri. Anthu anayamba kuika Leyline of the Void m'madeki awo enieni kuti atseke manda, koma Hogaak sanaime. Wizards of the Coast, kampani yopanga Magic, inayamba yaletsa Bridge from Below mu July, sizinakwane, ndipo mu August inaletsa Hogaak mwini wake. Patapita miyezi yochepa, mu Standard, mtundu wa makhadi atsopano, munalowa Oko, Thief of Crowns. Pa Mythic Championship VI ku Richmond, madeki pafupifupi 70 pa 100 alionse anali ndi Oko, ndipo ambiri ankanyamula Noxious Grasp m'deki yeniyeni kuti aphe Oko wa mnzawo. Analetsedwa mu November chaka chomwecho. Osewera akale amakumbukiranso Affinity, imene inachititsa kuti Skullclamp aletsedwe mu 2004, kenako Arcbound Ravager ndi makhadi ena angapo mu 2005, komanso Caw-Blade imene inapita ndi Jace, the Mind Sculptor ndi Stoneforge Mystic mu 2011. A Yu-Gi-Oh! ali ndi zawo, monga Dragon Rulers mu 2013 ndi Tearlaments kumapeto kwa 2022.

Ngati deki imene mukudandaula nayo ikufanana ndi zimenezi, dandaulani ndithu, ndipo bweretsani zotsatira za mipikisano ikuluikulu monga umboni. Ngati siikufanana nazo, pitirirani ku funso lachiwiri.

Kusasangalatsa ndi mlandu wokwanira pawokha

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka pa mkangano. Deki ikawanyansa amathamangira kunena kuti ndi yamphamvu kwambiri, poganiza kuti ndi chifukwa chokhacho chomveka. Mnzawo akatulutsa manambala osonyeza kuti dekiyo imangopambana theka la magemu ake, mkangano wagwera pomwepo, chikhalirecho vuto lenileni silinakhudzidwe n'komwe.

Makampani enieniwo amavomereza kuti khadi likhoza kuchotsedwa chifukwa cha mmene limaonongera nthawi ndi chisangalalo. Mu 2013 Second Sunrise analetsedwa mu Modern chifukwa deki yotchedwa Eggs inkatha kutenga mphindi 15 kapena kuposerapo pa ulendo umodzi, mpikisano wonse n'kumadikira tebulo limodzi. Sensei's Divining Top anachoka mu Legacy mu 2017, ndipo kuchedwetsa magemu kunali chimodzi mwa zifukwa zake. Nexus of Fate, khadi lopatsa mwini wake ulendo wina pamwamba pa unzake, linaletsedwa mu 2019 pa MTG Arena m'magemu a kamodzi n'kamodzi. Blizzard inafooketsa The Caverns Below mu Hearthstone mu 2017, n'kukweza chiwerengero cha zilombo za dzina limodzi zofunika kuika kuti khadilo ligwire ntchito kuchoka pa 4 kufika pa 5, anthu atadandaula kwambiri kuti magemu ake ankatha popanda kulimbana kwenikweni. Konami, kampani ya Yu-Gi-Oh!, inaletsa Yata-Garasu mu 2004, kambalame kamene kakakumenya sutola khadi pa ulendo wotsatira, ndipo ngati ulibe kanthu m'manja ndi patebulo kamangobwereza mpaka moyo wako wonse 8000 utatha. Mystic Mine nayenso anachoka mu TCG, Yu-Gi-Oh! yoseweredwa m'maiko ambiri kunja kwa Asia, kumapeto kwa 2022 patatha zaka anthu akulira.

Ndiye ngati vuto lanu ndi limeneli, litchuleni ndi dzina lake. Nenani kuti, "Ndikudziwa kuti deki imeneyi imagonjetseka, koma magemu ake amatha ine ndisanapange chisankho ngakhale chimodzi." Kapena, "Imadya nthawi yonse ya ndime ya mpikisano." Mawu otere palibe angawagwetse ndi manambala, ndipo amatsegula kukambirana kwenikweni: kodi ndi zisankho zingati zimene wosewera ayenera kukhala nazo kuti gemu ikhale gemu? Pamenepo anthu anzeru amasiyana maganizo, ndipo palibe cholakwika. Ine ndimaona kuti deki yotseka njira ndi yovomerezeka malinga ngati ili ndi khomo lothyolera limene madeki wamba angalifikire. Ena amaona kuti ngakhale zimenezo n'zochuluka.

Ngati ndi inu amene simunakonzeke

Gawo ili ndi lowawa kulivomera, koma ndi lokhalo limene lili m'manja mwanu lero.

Yambani ndi funso limene Mike Flores analifotokoza mu 1999 ndipo silinakalambe: pa gemu ino, woukira ndani, wodziteteza ndani? Udindo umenewu umasintha malinga ndi amene mwakumana naye. Deki yanu ya midrange ikakumana ndi aggro, inu ndinu wodziteteza: tchingani, sinthanitsani zilombo, musathamangire kumenya. Deki yomweyo ikakumana ndi control kapena combo, inu ndinu woukira, ndipo ulendo uliwonse umene mwazengereza ndi mphatso kwa mnzanu. Magemu ambiri amene anthu amati analuza chifukwa cha deki yoipa analuza chifukwa anatenga udindo wolakwika.

Mukakumana ndi control, vuto lalikulu ndi mantha. Mumaona mana awiri a buluu ali chilili, n'kusunga khadi lanu labwino kuopa Counterspell, khadi lokana makhadi a mnzake, ulendo n'kupita pachabe. Kudikira koteroko ndi kumene iye akufuna, chifukwa gemu ikatalika ndi yake. M'malo mwake muikireni nyambo: tulutsani khadi labwino pang'ono kuti alikane, lenilenilo libwere pambuyo. Konzani ulendo umene mungatulutse makhadi awiri nthawi imodzi pamene iye ali ndi mana okanira limodzi lokha. Ndipo musakhuthule zonse patebulo. Ngati zilombo ziwiri zikukwanira kumupanikiza, chachitatu chikhale m'manja kudikira akasesa.

Aggro imagonjetsedwa gemu isanayambe, pa nthawi yosankha kusunga kapena kusintha makhadi oyamba. Makhadi 7 okongola amene sachita kanthu mpaka ulendo wachinayi ndi imfa. Kumbukiraninso kuti moyo wanu 20 ndi chuma chogwiritsa ntchito. Nthawi zina ndi bwino kulandira nkhonya ziwiri kuti muike chilombo chimene chiimitse nkhondo yonse, koma muzidziwa mzere umene mukautsika makhadi owotcha (ochotsa moyo wanu mwachindunji) angakumalizeni kuchokera m'manja.

Combo imafuna kuwerenga. Pezani mndandanda wa dekiyo, muuwerenge khadi ndi khadi, mupeze pakhosi pake, malo amodzi amene mukawatsina zonse zimaima. Osewera Yu-Gi-Oh! amadziwa bwino zimenezi. Ash Blossom & Joyous Spring, khadi loletsa mnzanu kufufuza m'deki, mukamuponya pa khadi loyamba limene mwaona, kawirikawiri mwamutaya, chifukwa wosewera wodziwa amayamba ndi nyambo. Muyenera kudziwa kufufuza m'deki kumene combo singapitirire popanda iko. Nibiru, khadi losesa zilombo patebulo, amadikira kuti mnzanu aitane zilombo 5 pa ulendo umodzi, ndiye muziwerenga mumtima, podziwanso kuti iye akuwerenga nanu limodzi ndipo akuyesetsa kuika chokanira asanafike pa chachisanu.

Madeki otseka njira amafuna kudekha. Mu Pokémon, Snorlax wa Block amaletsa Pokémon wanu wakutsogolo kubwerera kumbuyo, n'cholinga choti mukodwe ndi Pokémon wosatha kumenya mpaka deki yanu ithe, pakuti amene walephera kutola khadi poyamba ulendo wake waluza. Mukangozindikira kuti ndi deki imeneyi, lekani kuika pa benchi Pokémon aliyense amene sangamenye, sungani Switch aliyense (khadi losinthira Pokémon wakutsogolo) ngati diso lanu, ndipo musatole makhadi mwachisawawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako sideboard. Magic imalola makhadi 15, ndipo side deck ya Yu-Gi-Oh! nayonso ndi 15. Cholakwa chofala ndi kudzaza malo onsewo ndi makhadi olimbana ndi deki imene mumadana nayo, m'malo mwa madeki amene mukumane nawo kwambiri. China ndi kulowetsa makhadi ochuluka mpaka deki yanu kuiwala ntchito yake. Lembani pasadakhale kuti pa deki yakutiyakuti mulowetsa ati ndipo mutulutsa ati. Muonenso ngati yankho lanu likuyankhadi funso. Stony Silence amatseka Codex Shredder, koma Ensnaring Bridge amagwirabe ntchito chifukwa safuna kugonekedwa. Bridge amafuna khadi lophwanya.

Ibwerekeni muisewere

Palibe njira yachidule yoposa iyi. Bwerekani deki imene mumainyoza, kapena muimange pa kompyuta, musewere nayo magemu osachepera 10.

Ine ndinkanyoza kwambiri Burn, deki ya Lightning Bolt, Lava Spike ndi Goblin Guide. Ndinkati ntchito yake ndi kuwerenga mpaka 20 basi. Mnzanga wina atandibwereka, gemu yachitatu yokha inandiika pa mphambano imene sindinaiyembekezere. Mnzanga anali ndi moyo 9 ndipo anali atangoika chilombo chimene chikanayamba kundimenya mwamphamvu. Ine m'manja ndinali ndi Bolt mmodzi ndi Spike mmodzi. Ndiphe chilombocho kuti Goblin Guide wanga apitirize kudutsa, kapena ndiponye zonse kwa mwini wake atsale ndi 3, n'kudalira kuti nditola khadi lowotcha m'maulendo awiri otsatira? Ndinakhala ndikuwerenga makhadi owotcha otsala m'deki, ndi maulendo amene ndinali nawo ndisanafe, thukuta lili kamukamu. Ndinapha chilombo, ndipo ndinaluza mnzanga atatsala ndi moyo 2. Kuyambira pamenepo ndimadziwa chimene wosewera Burn amaopa: chilombo chotchinga bwino, ndi kadontho kalikonse ka moyo kamene mnzake wawonjezera, chifukwa moyo 3 wowonjezera ndi khadi lake lathunthu lotayika. Zimenezi sindikanaziona nditakhala tsidya linalo.

Za kukopera madeki pa intaneti, ndi kukambirana gemu isanayambe

Mkangano wa netdecking, kukopera madeki pa intaneti, ndi wakale ngati intaneti yomwe. Ena amati wokopera deki ya katswiri alibe luso. Ine sindiona mlandu pamenepo. Kumanga deki ndi luso lina, kuiyendetsa ndi luso linanso, ndipo munthu amene ali ndi nthawi yochepa kapena sangakwanitse kugula makhadi oyesera ali ndi ufulu woyambira pa chinthu chodziwika kuti chimagwira ntchito. Ndimalemekeza kwambiri omanga zawozawo, koma ulemu umenewo sawupeza ponyoza anzawo.

Gwero lenileni la mkanganowu analifotokoza bwino Mark Rosewater, mkulu wa okonza makhadi a Magic, pamene anagawa osewera m'magulu atatu. Timmy amafuna kumva kukoma kwa zinthu zikuluzikulu zikuchitika patebulo. Johnny amafuna kuonetsa nzeru zake ndi deki yachilendo. Spike amafuna kupambana ndi kudziyesa pa anthu amphamvu. Palibe wolakwa mwa atatuwa. Phokoso limabuka akakhala pa tebulo limodzi osauzana chimene aliyense wabwerera.

Pa mpikisano palibe chokambirana. Deki iliyonse yololedwa ndi malamulo ndi yololedwa, ndipo mwalowa mukudziwa zimenezo. Koma pa magemu ocheza, makamaka Commander ya anthu anayi ndi madeki a makhadi 100, mphindi ziwiri zokambirana zimapulumutsa madzulo onse. Safunsa anadya phula. Kufunsa kuti "deki yanu ndi yamphamvu bwanji" sikuthandiza, chifukwa aliyense amayankha kuti ndi yapakatikati. Funsani zogwirika. Deki yanu ikayenda bwino imapambana pa ulendo wachingati? Muli combo ya makhadi awiri yomaliza gemu? Muli Armageddon kapena Winter Orb, makhadi ophwanya kapena kutseka land? Muli makhadi otenga maulendo owonjezera motsatizana? Mu 2025 Wizards of the Coast inayambitsa magawo 5 otchedwa brackets ndi mndandanda wa makhadi otchedwa Game Changers kuti kukambirana kumeneku kuphweke, ndipo ndi pothandiza kuyambira. Inunso nenani zoona za deki yanu. Ngati mwabwera ndi yolusa pamene anzanu ali ndi zofatsa, tulutsani ina, kapena bwerekani.

Nthawi ikamatha

Ndime ya mpikisano wa Magic kawirikawiri imakhala mphindi 50 za magemu atatu, ndipo madeki ochedwa amadya nthawi imeneyo. Zinthu ziwiri zikuthandizeni. Ngati mnzanu akuchedwa mopitirira, musakangane naye. Kwezani dzanja muitane jaji, munene mwaulemu kuti mukupempha aone liwiro la gemu. Imeneyo ndi ntchito yake, ndipo simunanyoze munthu. Chachiwiri, phunzirani kugonja msanga. Gemu yoyamba ikatsekeka moti mulibe khadi lililonse m'deki lokutulutsani, pindani makhadi mupite ku yachiwiri, kumene sideboard yanu ilowe. Pa gemu ya Lantern ija ndinataya mphindi 30 chifukwa cha mkwiyo, ndipo zimene zinatsala sizikanakwana magemu awiri.

Mukamapempha kuti khadi liletsedwe

Walira mvula walira matope. Deki iliyonse yamphamvu imakhala ikupondereza ina imene simukuiona, ndipo ikachoka, ya pansiyo imadzuka. Mu January 2016 Splinter Twin analetsedwa mu Modern, ndipo mwezi wotsatira madeki a Eldrazi anatenga malo 6 mwa 8 apamwamba pa mpikisano waukulu wa Pro Tour ku Atlanta, mpaka Eye of Ugin analetsedwa mu April. Anthu amakanganabe ngati Twin akanatha kuletsa zimenezo. Twin mwini wake anamasulidwa mu December 2024. Onaninso Maxx "C" mu Yu-Gi-Oh!, khadi lokupatsa kutola nthawi iliyonse mnzako akaitana chilombo mwapadera. Konami inaliletsa mu TCG mu 2018, koma inalisiya kwa zaka zambiri mu OCG ya ku Asia ndi mu Master Duel ya pa intaneti. Kampani imodzi, khadi limodzi, zigamulo ziwiri. Zimenezi zikuuzeni kuti nkhanizi si zophweka ngati mmene zimaonekera mukangoluza kumene.

Dandaulo labwino limatchula khadi lenileni, limanena ngati vuto ndi mphamvu kapena kusasangalatsa, limapereka umboni, ndipo limayesa kuganizira chimene chidzalamulire khadilo likachoka. Limalunjikanso kwa amene anasindikiza khadilo. Munthu amene wakhala tsidya lina la tebulo sanalipange, anangolipeza lili lololedwa.

Pali malire amene sindifuna kuti wina aliyense wowerenga izi awadumphe. Mu September 2024, komiti ya anthu odzipereka imene inkayang'anira Commander inaletsa Mana Crypt, Jeweled Lotus, Dockside Extortionist ndi Nadu, Winged Wisdom. Ena mwa makhadiwa anali odula, ndipo ndikumvetsa kuwawa kwa munthu amene anasunga ndalama nthawi yaitali kuti agule khadi, n'kudzuka m'mawa silikuloledwanso. Koma ena anafika potumiza mauthenga oopseza kwa anthu a m'komitiyo, ndipo patangotha sabata imodzi komitiyo inapereka Commander m'manja mwa Wizards of the Coast. Anthu amene anatumikira masewerawa kwa zaka zambiri anachoka ali ndi mantha chifukwa cha makhadi anayi. Nkhani imeneyi imandipweteka mpaka lero.

Deki ya Lantern ija sinathere pa tebulo langa. Mu February 2018 Luis Salvatto wa ku Argentina anapambana nayo Pro Tour ku Bilbao, ndipo nditaonera magemu ake ndinaona kuchuluka kwa zisankho zimene woiyendetsa amapanga pa ulendo uliwonse, zimene tsiku lija mkwiyo unandibisira. Sindinafike poikonda, ndipo mpaka pano ndikaona Lantern of Insight pa ulendo woyamba mtima umagunda. Chimene chinasintha ndi mawu amene ndimalankhula gemu ikatha. Ndikaluza kwa deki yondinyansa, ndimapereka dzanja n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndi khadi liti m'deki yangayi limene mumaliopa kwambiri, ndipo ndinalakwitsa pati?" Anthu ambiri amayankha mosangalala, ena mpaka amayala sideboard yawo patebulo n'kukuonetsa zimene analowetsa ndi chifukwa chake. Zimene anenazo ndimazilemba m'kabuku kaja ndisanaimirire.